Musauze Munthu

Sheffield
Lolemba, 11 Novembala 2024

Okondedwa achemwali Ellen,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kwathu ku Madisi. Ine ndafika. Ndege inatera ku Manchester m'mawa, ndipo pofika masana sitima inali itanditula kuno ku Sheffield. Kalatayi ndalemba pamanja, ndiijambula ndi foni n'kukutumizirani pa WhatsApp, poti tizilembo ta pafoni ndi zala za mphunzitsi wopuma sizigwirizana. Kuimba sindiyesa n'komwe. Netiweki ya kwanuko ndimaidziwa, imafuna munthu akwere pachulu. Mudzawerenga mukapita kumsika.

Kuno kukuzizira, achemwali. Juni wa ku Dedza ndi masewera. Dzuwa sindinalione, ndipo pomati folo koloko kunja kunali kutada kale. Mzindawu ndi wa zitunda zokhazokha, maondo anga ayamba kale kung'ung'udza.

Mufunsa kuti ndatsikiranji ku Sheffield pamene ukwati wa Mayankho uli ku Newcastle. Ndachita dala. Kumeneko Amalawi ndi ambiri, ndipo Mmalawi akakuona m'sitolo, pofika madzulo mpingo wonse wadziwa mtundu wa jekete yako. Sindifuna mwanayo amve kwa anthu kuti ndabwera. Ndalipira masiku atatu pakahotela kena pafupi ndi sitesheni. Lachinayi ndiwonjezera awiri, ndipo Loweruka m'mamawa ndikwera sitima, amati ndi maola awiri basi. Ndikalowa m'tchalitchi n'kukhala kumbuyo. Mapemphero akakatha ndikamupatsa nsalu ya Chigwirizano ya malemu amayi ake. Akakandilandira, chabwino. Akakandithamangitsa, ndikakhala nditamuona atavala zoyera.

Musandikumbutse zimene ndinanena, ndikuzikumbukira bwinobwino. Amayi ake atamwalira, iye osabwera kumaliro chifukwa mapepala ake okhalira kuno anali asanatuluke, ndinamuuza pafoni kuti si mwana wanga. Ndalama ya bokosi imene anatumiza ndinaibweza, n'kulumbira kuti sindidzamupempha kanthu mpaka ndidzalowe m'manda. Papita zaka zinayi tisakulankhulana. N'chifukwa chake ndabwera ndi ndalama yangayanga, ya penshoni ndi ya ng'ombe ziwiri zija, kuti asaganize kuti njala ndiyo yandikumbutsa kuti ndili ndi mwana.

Ndalamayo ili yonse m'khadi la kubanki. Mapaundi apamanja anandipatsa ochepa, mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathuko. Koma kuno khadi ndiye zonse. Umangoligunditsa pa kamakina, kalira, wagula.

Simukhadi yanga ija muisunge m'foni yanu yaing'ono, izikhala yoyatsa, kuti oimba aziganiza kuti ndili pafupi. Ndipo ndikubwereza zimene ndinakuuzani padepoti: musauze munthu. Kaya ndi abusa, kaya ndi a Kenani oyandikana nafe, kaya ndi ndani. Nyumba yanga yatsala yokha, komanso si onse amene amakondwa mnzawo akakwera ndege. Wofunsa aliyense muzimuuza kuti ndili kumunda. Makamaka Mayankho asamve. Ndikudziwa kuti mumalankhulana, poti tsiku la ukwati ndi dzina la tchalitchi munandiuza ndinu.

Ndine mlongo wanu,
Lyton Mtambalika


Sheffield
Lachiwiri, 12 Novembala

Achemwali,

Moni, ndipo ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndilemba zochepa chifukwa mtima suli m'malo.

Khadi lakana. Masana ndinalowa m'sitolo kugula buledi, mkaka ndi magolovesi, poti zala zikuuma. Nditagunditsa, kamakina kanalira kulira kwina. Mayi wa pakauntala anati ndiyesenso. Ndinayesa, ndinalilowetsa, ndinabaya nambala yachinsinsi, ndinalipukuta pamalaya. Kumbuyo kwanga kunali anthu asanu ndi mmodzi, onse chete, akuyang'ana kudenga. Anthu a kuno satukwana, achemwali, amangokhala chete, ndipo bola akadanditukwana. Magolovesi ndi mkaka ndinabweza, buledi ndinalipira ndi makobidi.

Ndayesa makina otulutsa ndalama atatu, onse akulavula khadilo. Ndinalowa m'banki ina ya kuno, anandiuza mwaulemu kuti khadi si lawo, ndilankhule ndi banki yanga. Ndilankhule nayo bwanji, simukhadi ili ku Madisi? Ndinapitanso kosinthira ndalama ndi makwacha amene anatsala m'chikwama. Mtsikana wa pamenepo anawatembenuza uku ndi uku, anaitana mnzake, nayenso anawatembenuza. Anati ndi okongola, koma sawalandira.

Mwina ndi makina a kwathuko, paja amagwagwa. Onani m'foni yaing'onoyo ngati a kubanki atumiza uthenga kapena nambala ina yake, mundiuze msangamsanga. Chipinda ndi cholipira mpaka Lachinayi m'mawa. Tiketi ya sitima ya ku Newcastle ndinali ndisanagule.

Lyton


Madisi
Lachitatu, 13 Novembala, m'mawa

Okondedwa achimwene,

Tathokoza Mulungu kuti munafika bwino. Kuno tili bwino, mvula ikungoopseza osagwa. Kalata yanu ya Lolemba ndinaiwerenga dzulo madzulo. Pali chithunzi chinanso chabwera pambuyo pake, koma chikungozungulira osatseguka, bandulo yatsala yongolembera mawu. Ndigula ndikagulitsako kaunjika lero, paja ndi tsiku la msika.

Ndiye mwapita kukabisala m'mudzi wa eni ake kuti mwana wanu asakuoneni? Zaka sikisite seveni, achimwene, mukusewera chibisalirano. Koma ndasiya, ndinalonjeza kuti sindilankhula.

Imvani nkhani ikusekeseni. Dzulo cha m'ma naini koloko foni yaing'ono ija inalira. Mawu a mzimayi, osalala ngati a pawailesi. Akuti, "Tikuimba kuchokera kubanki, tilankhule ndi a Lyton Mtambalika." Ndinati atuluka. Akuti, "Mayi, khadi lawo lagwiritsidwa ntchito ku Mangalande dzulo, pahotela. Kodi bambowa ali kunja kwa dziko lino?"

Pomwepo ndinadziwa kuti ndi akuba a pafoni aja, omwe anamudyera mnzanga Asimenye ndalama ya feteleza chaka chatha. Amayamba chonchi, kenako akuti tiuzeni nambala. Koma chimene chinandiopsa n'choti adziwa bwanji za Mangalande. Ndinati m'mtima, pali wina pano akufufuza kuti nyumba ya achimwene ili yokha.

Ndinawayankha kuti, "Bambo amenewo ali kumunda akuunga mizere. Mangalande amangoidziwa pamapu a m'kalasi."

Akuti, "Mukutsimikiza, mayi? Ndinu ndani wawo?"

Ndinati, "Ndine mlongo wawo wa bere limodzi, ndipo ndawapititsira phala kumundako pompano."

Kenako akuti, "Zikomo kwambiri mayi, mwatithandiza. Tichitapo kanthu msanga." Ndinaseka mpaka misozi. Achite kanthu kanji, anyani amenewo? Mwaona, chinsinsi chanu chili m'manja abwino. Abusa afunsa, a Kenani afunsa kawiri, onse ndawauza za kumunda.

Muzivala zofunda, ndipo mankhwala a bipi musaiwale kumwa.

Ndine mlongo wanu,
Ellen


Sheffield
Lachitatu, 13 Novembala

Ellen,

Mwandipha.

Anthu aja sanali akuba. Anali a kubanki enieni. Anaona khadi langa likulipira hotela ku Mangalande, anaimba kufuna kumva ngati ndili ine, ndipo mlongo wanga wa bere limodzi anawatsimikizira kuti mwini khadi ali kumunda akumwa phala. Ndiye iwo aganiza chiyani? Aganiza kuti amene ali ndi khadi kunoyu ndi mbava. Mbavayo ndine. Alitseka.

Ndawerenga kalata yanu katatu. Ndinati musauze munthu, inde. Koma banki ndi munthu? Banki imabwera kudzathyola chitseko cha nyumba yanga? Mukadati adikire ndiwafunse, mukadataya chiyani? Phala lija ndiye munaliphikiranji?

Ndakhala kaye pansi mtima watsikako. Ndikudziwa kuti kulakwa kwina ndi kwanga. Pamene ndinkatenga khadi, mnyamata wa kubanki anandifunsa ngati ndili ndi ulendo wakunja posachedwa. Ndinati ayi. Mchimwene wake amapemphera mpingo umodzi ndi a Kenani, ndinaona kuti nkhani ifika kwathu ine ndisanafike.

Tsopano chitani izi. Mawa m'mamawa mukwere minibasi mupite kubanki ku Mponela. Tengani foni yaing'onoyo, tengani ndi fotokope ya chiphaso changa imene ili m'sutikesi yakuda pansi pa bedi. Mukawauze zoona zake, kuti ndili kuno ndipo khadi lili m'thumba mwanga. Iwo okhawo muwauze. Akalitsegula ngakhale Lachisanu madzulo, ndikwanitsabe kugula tiketi.

Musade nkhawa kwambiri ndi kudya. Buledi alipo, ndipo m'chipinda muno muli ketulo ndi timapaketi ta tiyi ndi shuga taulere. Masana ndapeza pokhala. Pakati pa tawuni pali chinyumba chachikulu cha magalasi, m'kati mwake anadzalamo mitengo ya kumayiko otentha. Kulowa ndi kwaulere, ndipo ndi kofundirako kusiyana ndi panja. Ndapezamo nsungwi ndi bulugama, achemwali. Ndinakhala pabenchi pansi pa bulugamayo, ndinatola tsamba n'kulifikisa m'manja, fungo lake linandifikitsa kuseri kwa sukulu ya ku Chinkhwiri kumene tinkakhala ndi amayi ake a Mayankho. Sindibisa, ndinalira.

Mlongo wanu,
Lyton


Mponela
Lachinayi, 14 Novembala

Achimwene,

Ndikulemba nditakhala pakhonde la sitolo moyang'anana ndi banki. Pepani. Sindinagone. Chithunzi chija chitatseguka dzulo, pamodzi ndi kalata yanu yachitatu, ndinagwetsa mulu wa malaya m'fumbi anthu akuona.

Ndinafika asanatsegule. Nditafotokoza, mtsikana wa pawindo anabaya kompyuta, anandiyang'ana, anabayanso. Akuti, "Mayi, ndinu a Ellen? Apa palembedwa kuti Lachiwiri munanena kuti mwini khadi ali kumunda." Ndinati ndinanama. Akuti, "Ndiye lero tidziwa bwanji kuti simukunama?" Anthu a pamzere anaseka. Ine sindinaseke.

Anandilowetsa kwa abwana awo. Bambo aulemu ndithu, anandipatsa mpando, koma mawu ake ndi omwewo. Khadi likatsekedwa chifukwa choliganizira kuti labedwa, silitsegulidwanso, amapanga lina. Lina limatenga masiku khumi, ndipo mwini wake abwere yekha ndi chiphaso chenicheni adzasayine. Ndinati mwini wake ali ku Mangalande, akudya buledi wouma. Akuti mwini wakeyo alembe kalata ku likulu ku Blantyre, mwina sabata yamawa ayankha. Ndinagwada, achimwene, ine Ellen, pamaso pa mwana woti ndikanamubereka. Anandidzutsa, anati akumvetsa, koma malamulo si ake.

Ndafunsanso zotumiza ndalama kunja. Ndinabwera ndi mpamba wonse wa kaunjika m'chitenje. Akuti ndilembetse, ndalama zakunja zikapezeka adzandiimbira, pali anthu akudikira kuyambira mwezi watha.

Tsono mverani, ndipo musakwiye. Ndinu wamkulu kwa ine koma lero mundimvere. Muli ndi mwana ku Newcastle, maola awiri kuchokera pamene mwakhalapo. Amagwira ntchito ya unamwino, ali ndi khadi loti likagunda kamakina limalira bwino. Nambala yake ndi iyi ndalemba pansipa. Mulembereni mawu awiri okha. Kulumbira kuja kunali kwa munthu wopsa mtima maliro ali m'nyumba, palibe amene akukuwerengerani.

Ndiyankheni lero. Ndagula bandulo yaikulu, ndipo sindichoka pa Mponela pamene pali netiweki. Ndigona kwa Asimenye, paja anasamukira kuno.

Ellen


Sheffield
Lachinayi, 14 Novembala

Achemwali,

Ndamva zonse. Dzukani, musagwadirenso munthu chifukwa cha ine.

Kuhotela ndatuluka leveni koloko. Mayi wa pamalo olandirira alendo, dzina lake Michelle, anayesa khadi kanayi konse kuti mwina. Anandipatsa kapepala ka malo ena kumene amathandiza anthu osowa pogona. Ndakapinda n'kukaika m'thumba. Ine Mtambalika, hedimasitala wa zaka makumi awiri, ndikaime pamzere umenewo ndi suti ya ukwati m'sutikesi?

Ndafunsa mtengo wa basi ya ku Newcastle, poti imatsikirako kuposa sitima. Zimene ndili nazo sizikufika ngakhale theka. Tiketi ya ndege yobwerera ndi ya Lachitatu, koma ngakhale ku Manchester komweko sindikudziwa kuti ndikafika bwanji.

Za Mayankho, ayi. Taganizani inuyo. Zaka zinayi bambo ako ali chete, anakukana, anakubwezera ndalama ya bokosi la amayi ako. Ndiye kutatsala tsiku limodzi kuti ukwatiwe, uthenga woyamba wochokera kwa iwo ndi woti nditumizire ya basi. Adzati chiyani? Adzati mdala uja wakumbuka mwana chifukwa m'thumba mwauma. Ndipo adzakhala akunena zoona zooneka. Ndinafuna andione nditaima ndekha. Ngati sizitheka, bola asandione.

Musamuuze. Musauze munthu.

Foni yatsala pang'ono kuzima, ndipo potchajira ndilibe tsopano. Mukaona ndili chete musadabwe.

Lyton


Mponela
Lachisanu, 15 Novembala, sikisi koloko m'mawa

Mayankho mwana wanga,

Ndine azakhali ako. Ndikudziwa kuti mawa ndi tsiku lako lalikulu ndipo mutu uli pa zambiri, koma khala pansi uwerenge.

Bambo ako ali ku Mangalande. Ali ku Sheffield kuyambira Lolemba. Anagulitsa ng'ombe kuti adzakhale kumbuyo kwa tchalitchi pa ukwati wako. Khadi lawo la kubanki latsekedwa, ndipo wotseketsa ndine, ndi pakamwa pangapa. Alibe ndalama, kuhotela anatuluka dzulo m'mawa, foni yawo yazima. Kuyambira dzulo masana ndalemba kasanu ndi kawiri, uthenga sukufika. Sindikudziwa kumene agona. Ali ndi bipi, ndipo magolovesi alibe.

Anandiletsa kukuuza. Ndasunga chinsinsi chawo sabata yonse, ndipo taona pamene chawafikitsa. Makalata awo onse ndakutumizira pamodzi ndi ino, uwerenge wekha, usamve za ine.

Sindikukuuza kuti uwakhululukire. Zimene anakuuza tsiku lija ndinali pomwepo, ndinamva, ndipo ndinawakalipira. Ndikungokupempha kuti mlongo wanga asafere m'msewu m'dziko la eni. Ngati sungathe kupita wekha, tuma munthu.

Azakhali ako,
Ellen


Newcastle
Lachisanu, 15 Novembala

Azakhali,

Ndaona. Ndawerenga onse.

Mukudziwa mmene lero lilili? Teni koloko ndikayese diresi komaliza. Thu koloko tikakonze holo. Faifi koloko tikayeserere kutchalitchi, ndipo a Thompson, akulu a mpingo amene avomera kundiperekeza kuguwa m'malo mwa bambo, apempha tchuthi kuntchito chifukwa cha ine. Apongozi anga, abale ake a David, afika kale kuchokera ku Liverpool, ali pabalaza pano akundidikira. Ndiye ndiwauze chiyani? Kuti bambo anga, amene ndinawauza kuti sadzabwera, abwera koma asowa?

Ndakwiya, azakhali. Tsiku limene amama ankaikidwa ndinali ndekha m'chipinda kuno, ndikuonera pafoni yanu, chithunzi chikudukaduka. Ndikadakwera ndege sakadandilolanso kulowa dziko lino, sukulu yonse ija ikanapita m'madzi, ndipo amama omwewo ndi amene anandiuza ali m'chipatala kuti ndisayerekeze kubwera. Ababa ankadziwa zimenezo. Anandikanabe.

Ndipo taonani, ngakhale lero. Alolera kugona panja kusiyana n'kundilembera ine. Akuti bola ndisawaone. Afika mpaka kuno, koma kunyada kwawo anakwera nako ndege.

Ndaimbira zipatala ziwiri za ku Sheffield, dzina lawo kulibe. Hotela akuti anachoka ndi sutikesi, sakudziwa kumene analowera. David akuti apite iyeyo, koma sawadziwa nkhope, ndipo ababa sangatsate munthu wachilendo.

Sindikudziwa chimene ndichite. Musandiimbire kaye.

Mayankho


Mponela
Lachisanu, 15 Novembala, masana

Achimwene,

Kaya muiona liti kalatayi, kaya muli kuti. Ndauza Mayankho. Makalata anu onse ndamutumizira.

Mudzandikalipira, ndikudziwa. Munati ndisauze munthu. Abusa sindinawauze, a Kenani sindinawauze, a kubanki sindinawauze mpaka ndakuphetsani ndi njala. Amenewo ndi anthu. Tsono za Mayankho mundiyankhe ndinu, poti zaka zinayi mwakhala mukunena kuti si mwana wanu. Ngati ndi munthu chabe ngati enawo, ndalakwa, mudzandilipitse mbuzi. Ngati ndi mwana wanu, ine sindinauze munthu.

Ingokhalani moyo, zinazo tidzakangana mukabwera.

Ellen


Lachisanu, 15 Novembala

Azakhali, ndili m'sitima, tadutsa York. Diresi ayesa pa mnzanga Diana, ndife a msinkhu umodzi. M'kalata ya Lachitatu atchula nyumba ya magalasi yokhala ndi bulugama. Ndikuidziwa. Ndiyambira kumeneko. Musandifunse chimene ndikanene, sindikudziwa.

M.


Newcastle
Lamulungu, 17 Novembala

Okondedwa achemwali Ellen,

Moni kwa inu, kwa Asimenye amene anakusungani, ndi onse kwathu. Ndili moyo. Ndikulemba ndili patebulo m'nyumba ya Mayankho, mapazi ali m'masokosi a David.

Za usiku wa Lachinayi musandifunse. Kapepala ka mayi Michelle kaja ndinakatulutsa m'thumba, ndipo pamzere paja ndinaima. Palibe amene anafunsa ngati ndinali hedimasitala.

Lachisanu atangotsegula nyumba ya magalasi ija ndinalowa n'kukhala pabenchi yanga, sutikesi pakati pa miyendo. Ndinali nditaganiza kale kuti ukwati wandidutsa. Ndinkangowerenga maola kuti mawa nthawi ngati ino akhala akulowa m'tchalitchi, nthawi ngati ino akhala akuvekana mphete. Cha m'ma wani koloko ndinaona nsapato zaima patsogolo panga. Nditakweza maso ndinaona Mayankho, koma zinali ngati ndaona amayi ake, achemwali. Chipumi chomwecho, kaimidwe komweko akakwiya. Tsitsi anali atamangidwa mbali imodzi, mbali inayo lisanathe.

Ndinaimirira, ndinavula chipewa. Anthu ankangodutsa ndi makapu awo a khofi.

Kenako anati, "Ababa, ndamva kuti muli kumunda."

Ndinafuna kuseka koma sindinathe. Anatulutsa khadi lake m'thumba la jekete, analigwira m'manja osandipatsa. Anati, "Tiketi ndigula, chakudya ndigula. Koma simukwera sitima musanandipemphe. Munalumbira kuti simudzandipempha kanthu mpaka kumanda. Ndikufuna ndimve ndi makutu anga."

Maso ake anali gwa. Ndinaona kuti mwanayu ndi wanga ndithu, mtima umenewu sanautole pamsewu.

Ndinati, "Mayankho, ndikupempha."

Anati, "Mukupempha chiyani?"

Ndinali ndi njala ya masiku awiri, achemwali, ndipo fungo la khofi linkandizunguza mutu. Koma chimene chinatuluka si chimenecho. Ndinati, "Ndikupempha undikhululukire. Amayi ako anakuuza kuti usabwere, ine ndinali pomwepo. Ndinasowa wokalipira, ndinakalipira iwe."

Analira mokweza ngati tili kwathu, mpaka mlonda wa pamalopo anabwera kudzafunsa ngati zonse zili bwino. Atatontholako anapukuta m'maso n'kunena kuti, "China?" Ndinati, "Tiyi wamkaka, ndi chilichonse chotentha." Anagula, ndipo magolovesi anagulanso.

Kokayeserera kutchalitchi kuja tinafika mochedwa ndi theka la ola, anthu atayamba kale kuyang'ana mawotchi. A Thompson ndi munthu wabwino. Atamva kuti ndine ndani, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundisonyeza poyambira kuyenda ndi poima. Mayankho sananene kuti inde kapena ayi, anangokoleka dzanja lake pamkono wanga.

Dzulo sindinakhale kumbuyo. Nsalu ya amayi ake ndinamupatsa m'mawa asanavale, ndipo kuholo anaimanga m'chiuno pamwamba pa diresi yoyera pa nthawi ya perekaniperekani. Ine ndinalibe choponya koma makwacha aja anawakana kosinthira ndalama. Ndinawaponya omwewo. Amalawi anakuwa, ena anawatola n'kumawanunkhiza, akuti akununkhira kwathu.

Sikuti zonse zatha. M'mawa uno tinayamba kukamba za maliro aja, anadzuka n'kukatseka chitseko cha kuchipinda. Patapita nthawi anatuluka n'kundifunsa ngati ndamwa mankhwala. Tili ndi masiku atatu, ndipo Lachitatu akuti andiperekeza yekha ku Manchester.

Kubanki musapitenso, ndidzapita ndekha ndi nkhope yanga. Mpamba wa kaunjika bwezerani m'malo mwake. Abusa ndi a Kenani mukhoza kuwauza tsopano, zithunzi zili kale ponseponse.

Foni nditatchaja ndinapeza kalata yanu ya Lachisanu masana, ija ya mbuzi. Ndaiwerenga, ndipo Mayankho waiwerenganso, ali pambali panga pano akudikira aone chimene ndilembe.

Mbuzi yanu sungani, achemwali. Simunauze munthu.

Ndine mlongo wanu,
Lyton